Marimu a Malemu

Apolisi anamutenga Pang'onopang'ono Lachisanu masana, galimoto ya kasitomala ikadali pa jeke, tayala limodzi lili pansi. Ine ndinaona zonse, poti kashopu kanga ka manati ndi mabauti kanagundana khoma ndi shedi yake yomangira matayala. Wina akadalumpha mpanda. Uyu anapempha apolisiwo kuti adikire kaye atsitse galimoto ya eni ake, ingagwere munthu, ndipo iwo anadikiradi, unyolo uli m'manja, mpaka anamanga nati yomaliza.

Dzina limeneli sanalitole panjira. Rimu ya tayala imene anzake amamanga mwini galimoto asanamalize kuyankha foni, iye amayamba wapukuta habu, chitsulo chotumphuka chija chimene rimu imakhalapo, n'kuipaka girizi. Ngati bowo la pakati pa rimu lakula kuposa habu, amabwera kwa ine kudzagula mphete yotsekera mpatawo. Akatero amapaka choko pachitsulo cha mabuleki ndi m'mphepete mwa madigadi, chitsulo chophimba tayala pamwamba, n'kuzungulitsa tayala ndi dzanja kuti aone ngati pena pakukhudza. Choko chikapanda kufufutika, amadontheza kadontho ka penti wachikasu kuseri kwa rimu. Makasitomala amadandaula kuchedwa kwake, koma mwezi wotsatira amabwera ndi anzawo.

Ndiye kumva kuti munthu ameneyu waba marimu, ine magazi anandiwira. Pamsika wa magalimoto pano amanditcha Mayi Manati, ndipo aliyense amadziwa kuti nkhani ikandilowa m'mutu sindiisiya.

Madzulo ake mkazi wa Pang'onopang'ono anafika pashopu panga maso ali psuu.

"Akuti Lolemba apita nawo kukhoti, asisi," anatero. "Akuti belo ikakanika awatumiza kundende kukadikira mlandu. Bambo aja ndi chifuwa chawo chija, kundende akatulukako amoyo?"

"Lolemba silinafike," ndinamuyankha, ndikutseka chitseko cha shopu. "Pita ukagone. Mawa usatsegule shedi, ine ndili ndi ulendo."

*

Loweruka m'mawa ndinali kale pa benchi ya kupolisi. Mlandu unali m'manja mwa Sajenti wina wamtali, wa mimba yake, amene sankasiya kumwamwa maswiti a chifuwa. Sanali wopusa, ndipo zimenezo zinandivutitsa, chifukwa wopusa umangomukalipira.

"Mayi, nkhani yake ndi yowongoka ngati msewu," anatero. "Madamu ena a famase, shopu ya mankhwala, ali ndi galimoto imene anawasiyira malemu amuna awo. Afuna kuigulitsa. Anaipititsa kwa mnzanuyu kuti awalinganizire matayala. Patapita masiku, wogula wabwera ndi makaniko wake, ayesa galimoto pamsewu waukulu, chiwongolero chayamba kunjenjemera ngati chagwidwa malungo. Makaniko wasuzumira kuseri kwa rimu. Chidindo cha fakitale palibe. Marimu onse anayi ndi okopera, orijino aja apita. Koma chilipo kuseriko n'chiyani?"

"Kadontho kachikasu," ndinatero.

"Mwaona, mukudziwa nokha."

Anandilola kuonana naye m'chitokosi. Pang'onopang'ono anali atakhala pansi, atapinda bwinobwino bulangete lake ngati kuti akulipereka kwa alendo. Amayankhula monga amagwirira ntchito, ndipo tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kumukoka mawu ndi pulayazi.

"Galimoto ya Madamu, eya, ndinaigwira," anatero. "Marimu anali orijino. Olemera bwino. Ndinabwezera iliyonse pamalo pake. Orijino sindidontheza penti, mlongo wanga. Amenewo anawayeza kale kufakitale."

"Nanga okoperawo, a kadontho kanuwo, munamangira ndani?"

"Mtundu umenewo ndi fasho. Ndamangira anthu ambirimbiri."

"Kumbukirani nkhope, achimwene, mukupita kundende."

Anaganiza nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu. "Nkhope sindisunga. Ndimasunga mahabu."

Ndinatuluka ndikufuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Koma mawu akewo anandiyatsa. Ndinabwerera kwa Sajenti ndili wefuwefu.

"Bwana, galimotoyo ili kuti?"

"Kuseri, pabwalo lathu."

"Muli ndi jeke?"

*

Sajenti anavula jekete, namasula yekha mabauti a tayala lakutsogolo kumanzere. Atangochotsa bauti yomaliza, rimu inagwera pa habu kuti gwa. Tinayang'anana.

"Rimu yokhala bwino sigwa chonchi," ndinatero. "Tayikokani."

Habu inali youma, yadzimbiri m'mbali, yopanda ngakhale fungo la girizi. Mphete panalibe. Marimu okopera amawaboola bowo lalikulu dala, kuti alowe pa magalimoto amitundumitundu, ndipo popanda mphete rimu imangolendewera pa mabauti, osakhala pakati penipeni. Kunjenjemera kuja kunkachokera pamenepo. Sajenti analowetsa chala chake chonenepa pampatawo, chinalowa mpaka chikhadabo.

"Taonaninso apa," anatero iye mwini, maso akuwala. Kuseri kwa timiyendo ta rimu kunali mzere wonyezimira, pamene rimu inkapala chitsulo cha mabuleki. Galimoto ya malemuyo inali ndi mabuleki akuluakulu, ndipo marimu okoperawo sankawapatsa mpata.

Ine ndinapisa chala m'bowo la pakati pa rimu. Chinatuluka chakuda ndi girizi, ndipo mkatimo munkaoneka mkombero wa pamene mphete inakhalapo kale.

"Bwana, rimu iyi inavalapo mphete," ndinatero. "Girizi ali m'rimu, koma pa habu palibe. Pang'onopang'ono anaimangadi, anaidonthezadi, koma pa galimoto ina. Wina anaichotsa kumeneko n'kudzaipachika pano, mphete n'kuisiya."

"Kapena mnzanuyo anali pachangu. Mbava imathamanga."

"Ameneyo akuthamanga munamuonapo? Ndipo mbava yodziwa ntchito ingasiye galimoto ikunjenjemera, pamene kunjenjemerako ndi kumene kungaigwiritse? Mphete ndimagulitsa ine, khoma limodzi ndi iye."

Sajenti anasuntha switi kupita kutsaya lina. Kenako anagwada, napukuta m'mphepete mwa rimu ndi mpango wake. Panali chipsera chachitali ngati chala.

"Rimu ikakhula pa simenti ya m'mbali mwa msewu, chilonda chake chimakhala chong'ambikang'ambika," anatero. "Ichi mizere yake yagona bwinobwino. Ichi ndi cha fayilo yopalira chitsulo, mayi. Munthu anakhala pansi n'kuchijambula dala."

"Kuwononga dala rimu? Chifukwa chiyani?"

"N'zimene tikafunse Madamu." Anadzuka n'kuvala jekete. "Koma ndikuuzirenitu. Girizi satulutsa munthu m'chitokosi. Ndikufuna marimu enieniwo, ndi amene akuwayendera. Apo ayi, Lolemba mnzanu akwera galimoto yathu."

*

Madamu tinawapeza kuseri kwa kauntala ya famase yawo, atavala chovala choyera ndi magalasi a unyolo. Anali munthu wolankhula mawu owerengeka, onse akuthwa.

"Mwabwera kudzapepesera mbava?" Madamu anandifunsa, Sajenti atangondionetsa kwa iwo. "Mukudziwa manyazi amene ndinachita? Wogula anandiyang'ana ngati ndine wachinyengo. Ine, pamsinkhu wanga uno."

"Tabwera kudzafunsa za chipsera, mayi," anatero Sajenti.

Nkhope yawo inasintha. Anavula magalasi n'kuwasiya alende.

"Chipsera chimenecho ndinachipanga ndine. Amuna anga ankandiphunzitsa kuyendetsa, galimoto ili yatsopano, ine n'kukhulitsa rimu pa geti. Ndinalira. Iwo anaseka mpaka misozi, n'kukana kuikonzetsa. Ankati ndi siginecha yanga. Chimwalirireni iwo, m'mawa uliwonse ndisanakwere ndimachiyang'ana. N'chifukwa chake sindinadziwe kuti marimu asinthidwa. Chipsera chinalipo."

"Chimene chili pa rimu panopa n'cha fayilo," anatero Sajenti. "Wakubayo ankadziwa kuti mumachiyang'ana. Wa matayala uja munamuuzapo?"

"Nkhani za m'nyumba mwanga sindikamba ndi a matayala."

"Ndiye akuzidziwa ndani?"

Madamu anayamba kusanja mabokosi a mankhwala pa kauntala. Sajenti anafunsa amene anayendetsapo galimotoyo itachoka kwa Pang'onopang'ono.

"Ine. Alamu anga, ang'ono awo a malemu, anaibwereka tsiku lina kupita ku msonkhano. Ndi mwana wanga, amene anaitenga kukanditsukitsira wogula asanabwere. Koma ameneyo musamuwerenge, galimoto ali ndi yake."

"Alamuwo ali kuti?"

Sitinawafunefune. Anali pakhomo pomwepo akutsitsa makatoni a mankhwala mu pikapu yawo, munthu wa thukuta ndi mawu ambiri.

"Ine? Marimu? Ha, abwana, ndikawadye? Galimoto ija ndinaibweza tsiku lomwelo, mafuta ndinathiramo, funsani alamu. Ine zonyezimira sindidziwana nazo, ine ndi katundu basi. Fufuzani kunyumba kwanga, fufuzani pansi pa bedi, makiyi ndi awa."

Akulankhula, ine ndinali nditawerama pa tayala la pikapu yawo. Mabauti anali asanu ndi imodzi. Marimu a malemu anali a mabowo asanu. Ngakhale ndi pemphero sakadalowa. Komanso amene anasintha marimuwo anayenera kukhala ndi okopera ake ake, omangidwa ndi Pang'onopang'ono, ndipo marimu a pikapu imeneyi anali achitsulo, opindika, osaonapo sopo chigulireni.

Ndinabwerera kushopu dzuwa likupendeka. Loweruka linali likutha, ndipo m'manja mwanga munali girizi basi.

*

Pakhomo pa shopu ndinapeza katoni imene a holoselo anandisiyira kwa oyandikana nawo. Ndinaitsegula kuti manja apeze chochita. Manati, mawashala, mabauti a magudumu. Pansi penipeni panali kaphukusi ka mphete zinayi za saizi imene sindinaisungepo chiyambireni malonda. Ndinaziyang'ana, n'kudzifunsa kuti zimenezi ndinaitanitsira ndani.

Kenako ndinakhala pansi kuti khu, pa katoni pomwepo.

Sabata yapitayo kunabwera mwamuna wina wa zaka za m'ma sate, wa ndevu zometa mwaluso ndi wotchi yaikulu. Anabwera wapansi, ndipo ndinadabwa, chifukwa anthu a mtundu wake amaimika galimoto pakhomo penipeni kuti tonse tiione. Anatulutsa m'thumba chivindikiro cha botolo ndi kawaya kopinda mozungulira. Anati akufuna mphete zakuti kunja kwake zikhale ngati chivindikirocho, mkati mwake ngati kawayako. Ndinamuseka, ndinati achimwene, muyezo wanu ndi wa kukhitchini. Koma nditayeza ndinaona kuti kunja kwake n'kocheperapo kusiyana ndi mphete zonse zimene ndimagulitsa. Ndinamuuza kuti ndiitanitsa.

Tsiku limenelo sindinaganize kanthu. Tsopano zonse zinagwirana. Marimu okopera onse bowo lawo ndi lalikulu, n'chifukwa chake mphete zanga zonse kunja kwake n'kofanana. Munthu wofuna mphete yocheperapo kunja sakumanga rimu yokopera. Akumanga rimu ya orijino ya galimoto ina pa habu yaing'ono ya galimoto yake.

Ndinayesa kuona mmene zinamuyendera. Wachotsa okopera ake, mphete zakale zatsalira pa mahabu, rimu ya orijino ikukana kulowa. Wazitokosa mphetezo n'kuzitaya. Rimu yalowa, koma ikulendewera. Ndiye kuti m'tauni muno munali magalimoto awiri onjenjemera, ndipo imodzi yokha ndi imene inali kupolisi.

Ndinakumbukiranso china. Pochoka anandifunsa amene angamupindire m'mphepete mwa madigadi, akuti matayala akukhula akadumpha bampu. Ndinamulozera kwa a Hamala.

Shopu ndinaisiya yosakhoma. Ndinathamanga, ine mayi wa thupi langa, kudutsa pakati pa mainjini akufa ndi mabatire, anyamata a pamsika akundikuwiza kuti kwapsa kuti.

*

A Hamala amawongola magalimoto ogundidwa, ndipo zaka zonse za kumenya zitsulo zinawadya makutu. Ukamayankhula nawo msika wonse umamva, ndipo iwo akamayankha amamva ndi a msika wina.

"Yofiira," anatero nditafunsa kachitatu za galimoto ya mwamuna uja. "Yotsika ngati ikununkhiza msewu. Marimu akuluakulu, otuluka kunja kwa bodi. Ndinamuuza kuti mwana iwe, nsapato za abambo ako sizikukwana, vula. Anakwiya. Tayala linali litadyeka kale paphewa, madigadi akulisenda ngati mbatata. Ndinamupindira pang'ono, koma ndinamuuza kuti si mankhwala."

"Marimuwo munawaona bwino?"

"Ndani?"

"Marimu, a Hamala. Orijino kapena okopera?"

"Orijino, chidindo ndinachiona ndi maso angawa. Imodzi yakumanzere inali ndi chilonda. Ndinati ndikusalazire, ndili ndi makina. Anandigwira dzanja ngati ndikufuna kumubera mwana."

Ndinawayandikira kukhutu.

"Amakhala kuti?"

"Kwawo sindikudziwa. Koma gulu lawo la magalimoto otsika limakumana Lamulungu masana, pabwalo loimikapo magalimoto la shopu yaikulu ija. Amatsegula maboneti n'kumayang'anitsana mainjini. Ntchito alibe."

Ndinamuimbira Sajenti ndili pomwepo. Ndinamva switi ikusweka pakati pa mano ake.

"Mawa ndibwera osavala yunifomu," anatero. "Madamu abwere nawo. Chipsera chenicheni angachilumbirire ndi iwo okha. Akapanda kuvomera kuti marimuwo ndi awo, ine ndilibe mlandu wina koma wa mnzanu."

*

Lamulungu bwalo lija linali likuwira. Magalimoto atandandalikidwa mizeremizere, maboneti ali yasa, nyimbo zikugunda mpaka m'chifuwa, anyamata ndi atsikana akujambula ndi mafoni. Ine ndinali patsogolo ndi kaphukusi kanga ka mphete, Sajenti pambuyo atavala malaya a maluwa amene sankabisa upolisi wake ngakhale pang'ono, Madamu pambuyo penipeni ndi chikwama chawo pamkono, akuyenda ngati akuponda matope.

Yofiira sinavute kupeza. Inali pakati, anthu ataizungulira, ndipo marimu ake ankawala moti ine ndemwe, ndi mkwiyo wanga wonse, ndinavomera mumtima kuti malemu anali ndi diso. Mwini wake anali atatembenukira kwina, akufotokozera anzake ndi manja. Wotchi ija ndinaizindikira.

"Achimwene," ndinaitana, ndikugwedeza kaphukusi. "Mphete zanu zija zabwera."

Anatembenuka akumwetulira, dzanja atatambasula kale. Kenako anayang'ana kupyola phewa langa, ndipo kumwetulirako kunauma.

"Amayi," anatero.

Ine ndinacheuka. Madamu anali ataima njo, chikwama chitatsetserekera padzanja. Ndinali nditakonzeka kuona mbava, ndinali nditakonza ndi mawu oti ndiilalatire pamaso pa anzake. Koma mbavayo inali mwana wa Madamu.

Madamu anamudutsa. Anazungulira galimoto kupita kutsogolo kumanzere, anagwada pa phula ndi diresi lawo labwino, nayendetsa chala pa chipsera. Chinali chong'ambikang'ambika, chakuda ndi zaka. Wina anatsitsa nyimbo.

Sajenti anafika pafupi, nalankhula motsitsa. "Mayi, ndikufunsani kamodzi. Marimu awa ndi anu?"

Aliyense wa ife atatu ankadziwa chimene chinali pa sikelo. Akati ayi, Sajenti abwerera chimanjamanja, mwana wawo apita kwawo, ndipo m'mawa Pang'onopang'ono akwera galimoto ya apolisi ndi chifuwa chake. Ndine mayi inenso, ndipo sindinadziwe chimene ndikadayankha.

"Mumagulitsa zonse, amayi," mwana uja anayamba, mawu akuthothoka. "Masuti a adadi munapereka. Mpando wawo munapereka. Tsopano galimoto, kwa munthu wachilendo amene chipserachi akachisalaza tsiku lomwelo. Ine ndimangofuna kanthu kamodzi kotsala. Wogulayo sakadadziwa. Ndimaganiza kuti rimu ndi rimu, mabowo akangofanana basi."

"Bwanji sunandipemphe?"

"Mukadakana."

"Nanga bambo amene akugona pa simenti chigonere Lachisanu?" Madamu anafunsa asanadzuke. "Unali m'nyumba mwanga pamene ndinkaimba foni kupolisi. Unandithirira tiyi."

"Ndimaganiza kuti amutulutsa okha. Umboni unalibe mphamvu."

"Ndipo akadapanda kumutulutsa?"

Anayang'ana pansi. Anzake aja anali atayamba kusuntha mmodzimmodzi, aliyense wakumbukira kuti ali ndi galimoto yake yoti aione.

Madamu anagwira madigadi n'kudzuka. Maondo a diresi anali akuda. Anavala magalasi awo, nayang'ana Sajenti m'maso.

"Marimu ndi anga," anatero. "Mwananso ndi wanga. Lembani zonse ziwiri."

*

Pang'onopang'ono anatuluka dzuwa lisanalowe, atanyamula bulangete lake lopinda. Mkazi wake anamukumbatira akulira, ine ndikuvina pang'ono pa masitepe a kupolisi, ndipo sindikupepesa. Madamu anabwera kudzaima patsogolo pake, manja pamodzi.

"Bambo, ndinakulakwirani. Ndinaona kadontho, osafunsa."

"Kadontho n'kanga ndithu, mayi," anayankha mofatsa. "Kungoti kanali pa galimoto yolakwika."

Mwana uja anali atamaliza kupereka sitetimenti, ndipo Sajenti anati popeza odandaula ndi amayi ake, zotsalazo akambirana m'mawa. Magalimoto onse awiri anali pabwalo la kuseri, yofiira itaimikidwa pafupi ndi ya malemu. Mkazi wa Pang'onopang'ono ankamukoka mkono kuti azipita, madzi osamba akuzizira. Iye maso anali pa yofiira ija.

"Imeneyi yabwera yokha pamsewu?" anafunsa.

"Wayendetsa mwini wake, ine ndili pambali," anatero Sajenti. "Mano anga akunjenjemerabe."

Pang'onopang'ono anapatsira mkazi wake bulangete, nagwada pa tayala la chipsera lija. Sanapemphe sipanala. Anagwira mutu wa bauti imodzi ndi zala ziwiri, naipotoza. Inazungulira mosavuta n'kutuluka, koma inatuluka theka lokha. Inali itathyokera mkati. Anagwira yachiwiri, nayonso inagwera m'dzanja lake.

"Popanda mphete, kulemera konse kwa galimoto kumakhala pa mabauti," anatero. "Amatopa. Apa patsala atatu, ndipo awonso sindikuwakhulupirira." Anayang'ana mwana uja. "Umathamanga nayo?"

Mwanayo anagwedeza mutu movomera.

"Lero madzulo timayenera kupita ku msewu waukulu ndi anzanga," anatero. "Kukayesana."

Pang'onopang'ono anadzuka pang'onopang'ono, natenga dzanja la Madamu, naikamo zidutswa ziwiri za mabautizo, n'kulipinda.

"Mumaona ngati mwamupereka mwana wanu lero, mayi," anatero. "Mukadati marimu si anu, ine ndikadapita kundende, koma inu mukadagula bokosi."

Madamu anayang'ana zitsulo zija m'dzanja mwawo. Kenako anamugwira mwana wawo pa kolala ya malaya, mwamuna wa ndevu zake, n'kumukokera pachifuwa, akumumenya pamsana ndi chibakera chomwe chinali ndi mabauticho, akulira mokweza pabwalo la apolisi. Sajenti anatembenuka n'kuyamba kufunafuna switi m'matumba onse.

Pang'onopang'ono anali atavula kale malaya.

"Palibe galimoto ichoke pano mpaka rimu iliyonse ibwerere kwawo," anatero. "Mlongo wanga, kanditengere girizi, choko, mabauti atsopano ndi mphete zinayi za masiku onse zija. Bwana, ndibwerekeni jeke. Iwe wa fayilo, bwera udzagwire tayala, uone mmene amamangira."

"Bambo, mwagona m'chitokosi masiku awiri," mkazi wake anadandaula. "Sizingadikire mawa?"

"Ndifulumira," anatero Pang'onopang'ono.

Ine ndi mkazi wake tinayang'anana. Iye anayala bulangete lija pa masitepe n'kukhalapo, ine ndinanyamuka kukatenga girizi.